Nyenyezi Ziwiri Zooneka Ngati Imodzi: Kodi Wojambula Amanama?

Kumwera kwa thambo la ku Kuti, malo osungirako nyama zakutchire pafupi ndi Salima kumene magetsi sachuluka usiku, m'miyezi yachisanu kumawala nyenyezi yotchedwa Alpha Centauri, imene diso limaiwerenga kuti ndi imodzi pamene kwenikweni ndi ziwiri zogwirana ndi mphamvu yokoka, zomwe zimazungulirana kamodzi pa zaka pafupifupi 80. Wansembe Jean Richaud anazindikira zimenezi mu 1689 ali ku Pondicherry, ku India, pogwiritsa ntchito makina oonera kutali.

Diso limasokeretsanso mwa njira ina, chifukwa nthano za Anyanja zimene Alice Werner analemba zimati mwezi uli ndi akazi awiri, Chekechani wa kum'mawa amene amaumana chakudya mpaka kuwonda, ndi Puikani wa kumadzulo amene amaunenepetsa, chonsecho nthanda ya m'bandakucha ndi ya madzulo ndi pulaneti imodzi, Venus. Motero ziwiri zimaoneka ngati chimodzi, chimodzinso ngati ziwiri, ndipo apa pakubuka funso lakuti kodi chithunzi cha chinthu chimene diso silinachione chingakhale choona.

Mbiri ya Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse usiku, ikusonyeza kuti kudziwa kumatha kutsogola kuona kusanafike. Mu 1844 Friedrich Bessel, ataona kuti nyenyeziyi ikuyenda mokhotakhota, ananena kuti pali inzake yobisika imene ikuikoka, ndipo Alvan Graham Clark anadzaiona mu 1862, Bessel atamwalira kale. Chimodzimodzi pulaneti ya Kepler-16b, imene inalengezedwa mu 2011 ndipo imazungulira nyenyezi ziwiri, sinajambulidwe ndi kamera koma inadziwika chifukwa kuwala kwa nyenyezizo kunkachepa iyo ikamadutsa patsogolo pake; komabe ojambula a NASA anaionetsa ili ndi madzuwa awiri m'thambo mwake.

Wojambula wotere amalandira kwa asayansi kukula kwa nyenyezi iliyonse, kutentha kwake kumene kumapereka mtundu wake, wofiirira kapena wobiriwira ngati thambo, ndiponso mtunda wapakati pawo, koma poimirira woonera, maonekedwe a nthaka ndi kuyandikana kwa zinthu pa pepala amasankha yekha. Osema a ku KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa ku Mua mu 1976, amasenza mtolo wofananawo akamasema mizimu ya makolo kapena Utatu Woyera, popeza palibe amene anaziona ndi maso, ndipo chosemacho chimatsamira pa mwambo ndi chikhulupiriro monga chithunzi cha nyenyezi chimatsamira pa miyeso.

Kusiyana kulipo ndithu, pakuti miyeso yatsopano ingathe kugwetsa chithunzi cha Kepler-16b, pamene palibe makina amene angatsutse chosema cha ku Mua. Koma wojambula ndi wosema onse awiri sanama malinga ngati sabisa gwero la zimene akuonetsa. Bodza limayamba pamene chojambula cha m'maganizo chifalitsidwa ngati kuti ndi cha kamera, chifukwa woonera amalandidwa mwayi wosiyanitsa zimene zinayezedwa ndi zimene zinangoganiziridwa, ndipo mwayi umenewu ndiwo umachititsa kuti chithunzi chikhale umboni wodalirika.