Loweruka la manyazi ndi Loweruka lotsatira

Loweruka pa 19 Disembala 2020, mumzinda wa Adelaide ku Australia, timu ya kiriketi ya dziko la India inavulidwa pagulu. Amuna 11, akatswiri odya ndalama zankhaninkhani, anasonkha marani 36 okha basi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika pa 10. Wochita bwino kuposa onse, Mayank Agarwal, anapeza 9. Kaputeni wawo Virat Kohli, yemwe dzina lake limamveka ngakhale kwa anthu osatsata kiriketi, anapeza 4. Mohammed Shami, womaliza kulowa, mpira wa Pat Cummins unamuthyola mkono, nkhani n'kuthera pomwepo. Chiyambire kusewera masewera a Test mu 1932, India inali isanatsikepo chotere.

Ambiri kuno ku Dwangwa kiriketi timangoiona mongodutsa pa kanema tikudikira kuti mpira wa ku England uyambe, ndiye ndifotokoze pang'ono kukula kwa manyazi amenewa. Masewera a Test amatha kutenga masiku asanu. Timu iliyonse imamenya maulendo awiri, ndipo pa ulendo uliwonse imamenyabe mpaka anthu ake 10 atatulutsidwa. Timu yabwino pa ulendo umodzi imapeza marani 300 kapena 400, ndipo munthu mmodzi payekha, zikamuyendera, amadutsa 100. Tsono taonani: anthu 11, marani 36. Chowawa kwambiri n'chakuti tsikulo likuyamba India ndiyo inali patsogolo, itaposa Australia ndi marani 53 pa ulendo woyamba. Josh Hazlewood ndi Cummins anagumula zonsezo dzuwa likanali m'mwamba, ndipo Australia inapambana ndi mawiketi 8, kutanthauza kuti inafika pa marani ofunika anthu ake awiri okha atatulutsidwa.

Mavuto sanathere pamenepo. Kohli anakwera ndege kubwerera kwawo poti mkazi wake anali woyembekezera, masiku atayandikira. Shami, mmodzi mwa oponya odalirika, anali ndi mkono wothyokawo. Kutsogolo kunali masewera ena atatu, kwa eni, ndipo akatswiri akale olankhula pa kanema ankalosera poyera kuti India ikwapulidwa onse anayi. Udindo unagwera Ajinkya Rahane, munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, yemwenso anali ndi mlandu wakewake. Tsiku loyamba ku Adelaide ndiye anaitana Kohli kuti athamange kenako n'kusintha maganizo, Kohli n'kutulutsidwa ali pa 74, akumenya mokoma. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Loweruka lotsatira, pa 26 Disembala, timu ziwirizi zinakumananso ku Melbourne. India inatulutsa Australia yonse pa marani 195. Rahane analowa n'kumenya 112, moleza mtima, pamaso pa oponya omwe aja amene anawachititsa manyazi sabata yapitayo. Tsiku lachinayi India inapambana ndi mawiketi 8, muyeso womwewo umene inagonjera ku Adelaide.

Nkhaniyi ndikulembera inu achimwene amene zotsatira za MSCE zinatuluka dzina lanu mulibe, ndipo chiyambire mumazemba njira yodutsa pa msika. Ndikulembera inu mayi a geni ya usipa, amene katundu anakuwolerani pa msewu wa M5 galimoto itafa, mpamba wonse n'kupita. Inunso a kabaza amene njinga yamoto yangongole inabedwa musanamalize kulipira, ndi inu bambo olima nzimbe amene malipiro atatuluka munapeza ngongole ya feteleza ndi ya mayendedwe yadya zonse. Aliyense ali ndi 36 wake. Ndikufuna muone chinthu chimodzi chimene kiriketi imaonetsa mosabisa: masewera atsopano akamayamba, bolodi lolembapo marani amalipukuta. Ku Melbourne India sinayambe ndi ngongole ya ku Adelaide, ndipo Australia sinabwere ndi marani osunga m'thumba. Onse anayambira pa ziro. Chimene timu yogonja imanyamula n'kulowa nacho m'bwalo ndi mantha okha, ndipo manthawo palibe woweruza masewera amene amawalemba pa bolodi. Amawalemba yekha mwini wake.

Koma ndisakunamizeni kuti zinangotembenuka zokha, ngati mwayi wa juga. Phindu la nkhaniyi lili m'masiku asanu ndi awiri aja a pakati pa Loweruka ndi Loweruka. India sinakane kuti yagwa, komanso sinathamangitse timu yonse mwaukali. Inasintha anthu anayi: awiri mokakamizika, poti Kohli ndi Shami kunalibe, ndipo awiri mwadala, ataona pamene panali pofooka. Prithvi Shaw, yemwe mpira unamudutsa pakati kawiri konse ku Adelaide, anamupumitsa n'kulowetsa Shubman Gill, mnyamata wa zaka 21 yemwe anali asanasewerepo Test. Analowetsa Rishabh Pant, Ravindra Jadeja ndi Mohammed Siraj. Otsalawo anawasiya momwemo, chifukwa munthu amene wagwa tsiku limodzi saiwala luso limene waliphunzira kwa zaka khumi. Nzeru yake ndi imeneyo, ndipo ndi yovuta kuposa kulira. Khalani pansi ndi pepala lanu la mayeso muone kuti ndi masamu kapena Chingerezi chimene chinakugwetsani. Si mutu wanu wonse umene unalephera. Werengani kuti usipa uja unawola chifukwa munautenga usanaume bwino pa thandala, kapena chifukwa munadalira galimoto imodzi. Chovunda chichotseni. Chabwino musachitaye chifukwa cha mkwiyo.

Za Siraj ndiime pang'ono, chifukwa iyeyu ndi wathu. Bambo ake ankayendetsa kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu mumzinda wa Hyderabad, ntchito yosasiyana kwenikweni ndi kabaza. Anamwalira mu Novembala 2020, mwana wawo ali kale ku Australia ndi timu. Inali nthawi ya Covid-19, ndipo kupita kumaliro kukanatanthauza kukhala m'malo obindikiritsa kwa masabata, mwina osabwereranso m'timu. Siraj anatsala. Ife a kuno, amene timadziwa kulemera kwa maliro a bambo ako, tisafulumire kuweruza. Mtima wake unanyamula zimene ife sitinaone. Masewera ake oyamba a Test anali a ku Melbourne aja. Pofika masewera omaliza ku Brisbane, oponya akuluakulu onse anali atavulala, moti Siraj, wa masewera awiri okha kumbuyo kwake, ndiye anali mkulu wa oponya. Anatulutsa anthu asanu pa ulendo umodzi. Pa 19 Januwale 2021, mwezi umodzi ndendende chichitikire cha 36 uja, India inathamangitsa marani 328 pa bwalo la Gabba ku Brisbane komweko, pamene Australia inali isanagonjepo Test kuyambira 1988. Gill anamenya 91, Pant 89 osatulutsidwa, ndipo chikho chinapita ku India.

Ndani angamvetse zimenezi kuposa munthu wa ku Dwangwa? Nyengo yodula nzimbe ikafika, munda amautentha. Phulusa lakuda limauluka n'kugwera pa zovala zoyanika, ndipo odula amatuluka m'munda ali bii ndi mwaye, zikwanje m'manja. Mathirakitala akanyamula nzimbe kupita ku fakitale, mlendo wodutsa pamsewu angalumbire kuti mundawo watha, kwangotsala zitsa zakuda. Mwini munda sadandaula, chifukwa akudziwa kuti chitsa chili moyo pansi. Koma sakhalanso pakhonde kudikira. Amathirira, amathira feteleza, amapalira, ndipo pakapita masabata ochepa mizere yobiriwira yatulukira pa zitsa zomwe zija. Amene anaona madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale 2024, mabanja akuthawira m'misasa, katundu ali pamutu, anaonanso anthu omwewo akuumba njerwa madzi ataphwa. Simukusowa mlendo woti akuphunzitseni kudzuka. Mukungosowa kukumbutsidwa kuti nzeru imeneyi ndi yanu kale.

Mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse, ndipo apa ndikulankhula ndi inu amene zikukuyenderani. Tiyeni ku Harare, kwa anansi athu. Loweruka pa 6 Julaye 2024, pa bwalo la Harare Sports Club, Zimbabwe motsogozedwa ndi Sikandar Raza inakumana ndi India pa masewera afupiafupi a T20, omwe amatha m'maola atatu. India inali itangotenga chikho cha dziko lonse sabata imodzi m'mbuyomo, ngakhale ku Harare inatumiza achinyamata. Zimbabwe inamenya 115 yokha, koma inatulutsa India yonse pa 102, n'kupambana ndi marani 13. Bwalo linawira. M'mawa mwake, Lamulungu, pa bwalo lomwelo, India inamenya 234, Zimbabwe n'kuthera pa 134. Kusiyana kwa marani 100, patangopita usiku umodzi chivinire. Masewera atatu otsatira Zimbabwe inagonjanso.

Amene anawononga phwandolo ndi Abhishek Sharma, wa zaka 23. Dzulo lake, pa masewera ake oyamba kuvala malaya a dziko, anatulutsidwa wopanda rani ndi imodzi yomwe, dziko lake lonse likuonera. Munthu wina akanadwala mutu m'mawa mwake. Iye anabwereka chomenyera mpira cha mnzake Shubman Gill, n'kulowa. Ali pa marani makumi awiri ndi mphambu anamenyera mpira m'mwamba, wosewera wa Zimbabwe n'kuuphonya uli m'manja. Mwayi unamupeza, inde, koma unamupeza ali m'bwalo, osati kuchipinda atafunda bulangeti. Anafika pa 100 ndi mipira 46 yokha. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndipo taonani kuti sanachite manyazi kubwereka chida kwa mnzake. Enafe timafa ndi vuto m'mimba pamene mnansi ali ndi ukonde wongokhala, kapena mabuku a Fomu 4 ongodyedwa ndi njenjete.

Pat Cummins uja anathyola mkono wa Shami amaidziwa bwino njirayi, mbali zonse ziwiri. Mu Novembala 2011 ku Cape Town, South Africa inatulutsa Australia pa marani 47. Panali nthawi imene anthu asanu ndi anayi anali atatuluka marani ali 21 okha. Sabata yotsatira ku Johannesburg, Australia inalowetsa Cummins, mwana wa zaka 18. Anatulutsa anthu asanu ndi mmodzi pa ulendo umodzi, ndipo ndi iye amene anamenya marani omaliza opambanitsa timu yake. Mukuganiza kuti kuyambira pamenepo zinangoyenda myaa? Thupi linamukana. Kuvulala kunamutsekera kunja kwa masewera a Test mpaka 2017. Zaka zoposa zisanu akuchira, akuvulalanso, akuyambiranso, anzake akutchuka iye akuonera. Kwa ena Loweruka lotsatira limafika pakatha masiku asanu ndi awiri, kwa ena limachedwa chonchi. Sunga khosi, mkanda uoneka. Anadzakhala kaputeni wa Australia ndipo mu 2023 ananyamula chikho cha dziko lonse, atagonjetsa India kwawo komwe, ku Ahmedabad. Mpikisano umenewonso Australia inauyamba ndi kugonja masewera awiri oyambirira.

Musaganize kuti izi ndi za maiko a ena okha. Malawi ili ndi timu yake ya kiriketi. Mu Novembala 2019 inasewera masewera ake oyamba ovomerezeka a T20 a pakati pa maiko, ndi Mozambique, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo inapambana asanu n'kugonja amodzi. Anyamata amenewa amasewera opanda khamu lowaimbira, nyuzipepala zikuwapatsa kadanga kakang'ono kumapeto, kuseri kwa nkhani za Bullets ndi Wanderers. Amagonja kwa maiko amene ali ndi mabwalo ndi ndalama, m'mawa mwake n'kuvalanso malaya omwewo. Ine ndimawalemekeza kuposa akatswiri ambiri a pa kanema. Ndipo palibe lamulo loti wosewera wa timu imeneyi azichokera ku Blantyre kokha. Mwana amene amagenda mango ndi mwala osaphonya ku Nkhunga kapena ku Ngala ali nawo kale mkono wa woponya.

Tsono dzukani, abale anga. Kulira lirani, palibe amene akukuletsani, koma muike malire: usiku umodzi, ukachuluka sabata. Kenako sambani, valani malaya abwino, dutsani pa msika pomwe paja mukuzemba, mupereke moni mokweza kwa amene amakusekani. Achimwene a MSCE, pitani kwa aphunzitsi mukafunse tsiku lolembetsa mayeso obwereza, ndipo phunziro limene linakugwetsani muliyambe sabata ino, osadikira chaka chatsopano. Mayi a usipa, kalankhuleni ndi anzanu a banki m'khonde, muyambe ndi ndowa imodzi m'malo mwa matumba asanu, ndipo muugwire ndi dzanja usipawo musanalipire, mumve ngati wauma. A kabaza, pemphani kuyendetsa njinga ya mnzanu usiku iye akamapuma, muzisunga kangachepe tsiku lililonse. Ndipo inu amene chaka chino nzimbe zakulipirani bwino, musanapite kukagula sipika yaikulu, patulani kaye ndalama ya feteleza wa chaka chamawa.