Gawo Lanu la Linga Lili Pakhomo Panu

Kuwerenga: Nehemiya 3:1-32

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu ana athu amene muli m'sukulu za ukachenjede, mutu wachitatu wa buku la Nehemiya ndi umodzi mwa mitu imene ambirife timaidumpha. Wadzaza maina ovuta kutchula, ndipo ngakhale mkulu wa mpingo wozolowera kuwerenga pagulu amafika potuluka nawo thukuta. Koma Mulungu sanalole kuti maina amenewa alembedwe pachabe.

Yerusalemu anali bwinja. Linga linali litagumuka, zipata zitapsa ndi moto. Nehemiya, amene ankaperekera chikho kwa mfumu ya Perisiya, anapempha chilolezo, anabwera, nayendera mabwinjawo usiku. Ntchito inali yoposa mphamvu za munthu mmodzi, choncho lingalo linagawidwa zigawozigawo. Mkulu wa ansembe Eliyasibu ndi anzake anatenga Chipata cha Nkhosa. Osula golide anasiya ng'anjo zawo, opanga mafuta onunkhira anasiya mitsuko yawo, amalonda anachoka pamsika, onse n'kugwira miyala. Salumu, amene ankalamulira theka la dera la Yerusalemu, anabwera ndi ana ake aakazi. Ndipo mobwerezabwereza wolemba akutiuza kuti ambiri ankamanga malo oyang'anizana ndi nyumba zawo. Pali wina, Mesulamu, amene sakumutchulira n'komwe nyumba: iye anamanga moyang'anizana ndi chipinda chake. Inu amene mumagona m'mahositelo kapena mukuchita lendi kachipinda ku Chikanda, ku Chitawira kapena ku Luwinga, ameneyo ndiye mnzanu m'mutu umenewu.

Nafenso m'badwo uno tili ndi linga lathu. Mu Seputembala 2015, maiko 193 a m'bungwe la United Nations anakumana ku New York ndipo anagwirizana zolinga 17 za chitukuko chokhazikika, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. M'katimo muli kuthetsa umphawi ndi njala, umoyo wabwino, maphunziro kwa mwana aliyense, madzi aukhondo, kusamala chilengedwe, mtendere ndi chilungamo. Kwathu kuno tinaonjezapo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Ophunzira mumazidziwa zimenezi kuposa ine, ndipo ena mwalembapo mayeso. Mkhristu akamawerenga zolingazi sadabwa nazo, pakuti zodyetsa anjala, kumwetsa aludzu ndi kuzonda odwala tinazimva kale pakamwa pa Ambuye Yesu. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zinthu zimenezi tazisandutsa nkhani ya m'mahotela a kunyanja, ya anthu ovala masuti ndi olandira alawansi. Wophunzira wadzuka osadya, fizi sanamalize, ngongole ya boma sinatuluke, ndiye akamva za 2030 amangoti, "Zimenezo n'za mabwana." Ayi mwana wanga, linga limeneli lili ndi mbali imene yayang'ana khomo lako.

Tiyambe ndi magazi. Cholinga chachitatu mwa zolinga 17 zija chikufuna kuti amayi omwalira pa uchembere asafike 70 mwa ana 100,000 obadwa amoyo. Chiwerengero chimenechi chimamveka chakutali, koma chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi pobereka ndi kutaya magazi, ndipo magazi sapangidwa m'fakitale. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala. Wophunzira amene alibe ndalama m'thumba ali ndi magazi osakwana theka la lita amene angapereke, thupi lake n'kubwezeretsa. Ndipo akakumbuka kukapereka pa holide, nthawi imene anzake aiwala, mayi amene sadzamudziwa dzina adzatuluka m'chipatala atabereka mwana wake kumbuyo. Ife amene timayimba za mwazi wa Mwanawankhosa sabata ndi sabata, tisakhale ouma manja ndi magazi athu.

Taonani tsopano vesi 14. Pali munthu dzina lake Malikiya, wolamulira dera lonse, amene anakonza chipata cha kudzala, kotulutsira zinyalala za mzinda. Palibe amene akanalimbirana naye malo amenewo. Kunkanunkha. Koma mdani akafuna kulowa mumzinda safunsa chipata cholemekezeka, amalowera pamene pali mpata. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo analowera pachipata chomwechi: chimbudzi chopanda chivindikiro, chitsime chosatetezedwa, manja osasamba. Mvula ikagwa m'mizinda yathu, ngalande zimasefukira chifukwa zatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo amene tataya tokha. Aliyense wodutsa pa mtsinje wa Mudi ku Blantyre amadzionera yekha. Kodi gulu la ophunzira achikhristu la SCOM kapena la YCS silingatenge ngalande imodzi, yoyandikana ndi koleji, n'kunena kuti iyi ndi yathu chaka chonse? Kodi wophunzira za umoyo sangakhale ndi amayi ogulitsa zitumbuwa ndi anyamata a chiwaya pageti, n'kuwaonetsa kathiridwe ka klorini m'madzi, kapena kumanga nawo mpondagiya? Ntchito imeneyi siituluka m'nyuzipepala. Koma dzina la Malikiya lili m'Buku Lopatulika pamodzi ndi la mkulu wa ansembe.

Zina nditchule mwachidule. Pafupi ndi koleji iliyonse pali sukulu ya pulayimale kumene mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi chikhamu cha ana, ndipo ena amafika Sitandade 4 asanathe kuwerenga bwino. Ola limodzi Loweruka lililonse, ndi ana asanu omwewo, likhoza kutsekula maso a mwana pa zilembo. Mtsikana wa ku koleji akangoima pamaso pa atsikana a m'mudzi mwawo, amakhala walalikira kale asanatsekule pakamwa. Wophunzira za ulimi ku Bunda akapita ku holide, asangokhala pakhonde ndi foni. Aonetse agogo ndi anansi kapangidwe ka manyowa a Mbeya pamene feteleza wakwera mtengo.

Pa mitengo ndiima pang'ono, chifukwa apa timadzinamiza. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timavala malaya ofanana, kudzala mbande, kujambulitsa, zithunzi n'kupita pa Facebook. Ndani amabwererako mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, mbuzi zili paliponse, moto wolusa uli m'tchire? Tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Mapiri athu tawameta. Ndikukupemphani, dzalani mitengo khumi imene mudzaithirira, kuilambulira ndi kuitchingira mpaka tsiku lovala gauni, kusiyana ndi chikwi chimodzi choti chiume mwezi usanathe. Mulungu amene amaona zobisika sawerenga zithunzi.

Onyoza adzakhalapo. Sanibalati ndi Tobiya anaseka omanga aja, mpaka Tobiya ananena kuti ngakhale nkhandwe itakwerapo lingalo ligwa. Inunso adzakufunsani kuti, "Mwalandira zingati?" Mukati palibe, adzati mwapusa. Ena adzalankhula mwanzeru ndithu, kuti kutola majumbo sikungasinthe dziko pamene akuluakulu akuba mabiliyoni ndipo maiko olemera ndiwo akuononga mlengalenga. M'mawu amenewa muli choonadi, ndipo sindikufuna kuchibisa. Ntchito zing'onozing'ono sizichotsa udindo pa boma, pa khonsolo kapena pa makampani. Nehemiya yemweyo, m'mutu 5, anaimitsa olemera ndi akuluakulu pamsonkhano n'kuwadzudzula chifukwa cha katapira amene ankalanditsa osauka minda ndi ana. Choncho funsani mafunso, lembani makalata, pitani kumisonkhano ya m'dera, kavoteni. Koma zindikirani kuti Nehemiya ankamveka chifukwa anthu ankamuona pa ntchito, ndiponso anakana kudya chakudya chimene abwanamkubwa ankalandira kuchokera kwa anthu. Wophunzira amene amagula mayeso, kapena kudya ndalama za bungwe la ophunzira anzake, adzadzudzula bwanji nduna? Cholinga cha 16, cha chilungamo, chimayambira m'chipinda cholembera mayeso.

Vesi 5 ndi lomvetsa chisoni. Anthu a ku Tekowa anagwira ntchito, koma akuluakulu awo anakana kuweramitsa makosi. Kukana kwawoko kunalembedwa, ndipo tikukuwerenga mpaka lero. Ana anga, digiri ili ndi yesero limeneli. Imanong'oneza kuti khasu, tsache ndi wilibala si zako tsopano. Pamene inu munalowa ku koleji, anzanu ambiri amene munalemba nawo MSCE anatsala, ena okhoza bwino lomwe. Amene anakugulitsirani mbuzi, amene amakhoma msonkho pa shuga ndi sopo, ndiwo akukuphunzitsani. Simunakwezedwe kuti muziwayang'anira pansi. Ndipo anthu wamba a ku Tekowa aja, atasiyidwa ndi atsogoleri awo, sanakhale pansi kudandaula: pa vesi 27 tikuwapeza akumanga gawo lachiwiri.

Inu makolo ndi akulu a mpingo, musawatsekereze ana amenewa. Akabwera ndi maganizo pa holide, apatseni malo, abwerekeni makasu ndi holo ya tchalitchi, ndipo mukagwire nawo. Linga la Yerusalemu linatha m'masiku 52, ndipo ngakhale adani anavomereza kuti Mulungu anali m'ntchitoyo. Chaka cha 2030 chayandikira ndipo dziko lonse latsalira pa zolinga zambiri, koma ife sitigwira ntchito chifukwa cha kalendala ya ku New York. Timagwira chifukwa mnansi wathu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Sabata ino, musanagone, tulukani panja pa chipinda chanu monga anachitira Nehemiya usiku uja, muyende pang'ono, muone pamene pagumuka. Mukapaona, uzani anzanu awiri kapena atatu, mupemphere pamodzi, mugwirizane tsiku loyamba ntchito.

Tiyeni tipemphere.