Ngongole ya Dziko: Kodi Mwana Alipire Chimene Sanadye?

Amayi anzathu, m'midzi yambiri tikaika maliro, abale amakhala pansi ndi kufunsa ngati pali munthu amene malemu anasiya naye ngongole. Woyankha amayenera kunena kuti zinali ndalama zingati, anapereka liti ndiponso anaona ndani. Zikamveka, abale amasonkha n'kubweza, pakuti sitifuna kuti dzina la m'bale wathu litsale ndi chitonzo. Mwambo umenewu umatiphunzitsa kuti ngongole ndi lonjezo, komanso kuti wobwereketsa sangangotchula chiwerengero chimene wafuna. Tsono tiyeni tiyese ngongole za maiko ndi muyeso womwewu, chifukwa mwana aliyense wobadwa lero ku Malawi, ku Zambia kapena ku Ghana amapeza ngongole ikumudikira.

Kukongola pakokha si tchimo. Ife a banki m'khonde tikudziwa kuti mayi akatenga ndalama n'kukapikula tomato kapena usipa, amabweza ndipo ana amadya. Dziko nalo likakongola n'kumanga mlatho kapena chipatala, mwana wobadwa mawa adzawoloka pa mlathowo, ndipo sitiona cholakwa kuti msonkho wake udzathandize kubweza. Maiko olemera ndiwo ali ndi ngongole zazikulu koposa. Ya boma la Japan ndi yoposa kawiri chuma chonse chimene dzikolo limapanga pa chaka, ndipo ya America inapitirira madola 30 thiriliyoni mu 2022. Koma iwowa amakongola m'ndalama zawozawo, pa chiwongola dzanja chochepa. Ife ngongole yakunja timabweza m'ndalama zakunja. Banki yaikulu ya America itakweza chiwongola dzanja mu 2022 ndi 2023, kuchoka pafupifupi pa 0 kufika kuposa 5 peresenti, dola inakwera mphamvu ndipo mtolo wa maiko osauka unalemera osatenga ndi khobidi lomwe latsopano. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse ya ngongole inayamba kufuna makwacha ochuluka. Wosauka amagula ndalama modula, monga momwe wogula shuga wa pa kapepala amalipirira zambiri kuposa wogula paketi yathunthu.

Funso limavuta pamene ndalamazo sizinafike pakhomo. Taonani za anansi athu a ku Mozambique. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni, akuti ogulira mabwato ophera nsomba ndi olondera nyanja. Nyumba ya Malamulo sinavomereze, ndipo mbali yaikulu inabisidwa mpaka mu 2016. Zitaululika, maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dzikolo inagwa, mitengo ya zinthu n'kukwera. Amene anali nduna ya zachuma, a Manuel Chang, anapezeka olakwa ku khoti la ku New York mu 2024, ndipo ena ogwira ntchito ku banki imene inabwereketsa anavomera mlandu wawo. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma apa chinayamba chatsata mayi wa ku Tete ndi wa ku Angónia amene sanaonepo ngakhale bwato limodzi. Ngongole yotere itabwera pa bwalo la maliro, sitikhulupirira kuti a mfumu angauze ana amasiye kuti asonkhe. Angayambe afunsa wobwereketsayo chifukwa chimene anaperekera ndalama usiku popanda mboni.

Apa ndi pamene tikusiyana maganizo ndi amene amati ngongole ndi ngongole basi. Lonjezo limamanga amene analonjeza ndi amene anadya nawo. Ndipo wobwereketsa naye ali ndi udindo. Tonse tikumudziwa wakatapila: amapereka akudziwa kuti mnzakeyo sangathe kubweza, chifukwa maso ake ali pa mbuzi kapena pa munda. Lamulo la Mose linaona ngozi imeneyi. Buku la Deuteronomo, mutu 15, limalamula kukhululukira ngongole chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo Levitiko 25 amanena za chaka cha 50, pamene minda inkabwerera kwa eni ake ndipo akapolo ankamasulidwa. Cholinga chake chinali chakuti tsoka la bambo lisasanduke ukapolo wa zidzukulu.

Kuchokera pamenepo ndi pamene mipingo inatenga dzina la Jubilee 2000. Mu Meyi 1998 anthu pafupifupi 70,000 anagwirana manja ku Birmingham pamene atsogoleri a maiko olemera a G8 ankakumana, ndipo chaka chomwecho mabishopu pa msonkhano wa Lambeth anapempha kuti ngongole zosatheka kubweza zifafanizidwe. Anthu oposa 20 miliyoni anasaina pempholo. Zipatso zinaoneka. Mu 2006 Malawi anakhululukidwa ngongole ya pafupifupi madola 3 biliyoni, ndipo Zambia, itapepukidwa, inachotsa malipiro a m'zipatala za kumidzi chaka chomwecho.

Koma tisabise mbali inayo. Sipanathe zaka 20, mtolo unabwerera. Zambia inalephera kulipira mu Novembala 2020, Ghana mu Disembala 2022. Kuno kwathu kunabuka Cashgate mu 2013, maiko othandiza n'kuleka kuthira ndalama m'bajeti, boma n'kuyamba kukongola kwambiri ku mabanki a m'dziko momwe muno pa chiwongola dzanja chokwera. M'bajeti ya 2024/25 ndalama zolipira chiwongola dzanja chokha zinaposa zopita ku zaumoyo. Ndipo si ife tokha: mu 2023 bungwe la United Nations linanena kuti anthu 3.3 biliyoni akukhala m'maiko amene amawononga zambiri pa chiwongola dzanja kuposa pa zaumoyo kapena maphunziro. Ena ataona izi amati, mwaonatu, kukhululuka kumalera ulesi. Mawuwa sitingawataye onse, pakuti ngakhale pa gulu lathu mayi amene takhala tikumubwezera kawiri katatu timayamba kumukayikira.

Komabe mbiri siikuvomereza kuti kukhululuka ndiko kumawononga. Mu 1953, pa pangano la ku London, West Germany inachotseredwa pafupifupi theka la ngongole zake zakunja, patangotha zaka 8 nkhondo imene Germany inayambitsa itatha. Anagwirizananso kuti izibweza zotsalazo pamene malonda ake akunja akuyenda bwino. Dzikolo silinasanduke laulesi. Linali ndi mafakitale ndi misika yogulitsako katundu wake. Ife tinapepukidwa mu 2006 koma tinatsala tikudalirabe fodya kuti tipeze madola, tikugula kunja feteleza, mafuta ndi mankhwala. Munthu wochotseredwa ngongole koma n'kubwerera ku munda womwewo wosabereka, adzagogodanso pa khomo la wakatapila mvula ikangovuta.

Pali kusiyana kwina pakati pa mayi wa pa gulu ndi dziko. Mayi amene wadya ndalama za gulu ndi yemweyo amene timamulanda ndowa kapena wailesi. M'dziko, wosaina ndi wina, wolandidwa ndi wina. Nduna imachoka pa udindo n'kupita kukapuma, pamene namwino wa ku Nsanje amatsala akuuza odwala kuti akagule okha mankhwala. Chifukwa chake maganizo athu ndi akuti mwana alipire za mlatho umene adzawolokepo, koma za mabwato osaoneka alipire amene anasaina ndi amene anabwereketsa. Kuti tisiyanitse ziwirizi, pafunika kuti ngongole iliyonse ya boma izilengezedwa poyera isanatengedwe: ndi zingati, kwa yani, pa chiwongola dzanja chotani, zokachita chiyani. Ku Malawi ngongole zakunja zimadutsa ku Nyumba ya Malamulo ngati mabilu, ndiye kuti aphungu athu amaziona ndi kuvotera. A phungu akabwera kudzapepesa maliro kapena kudzapereka malata a sukulu, tingathe kuwafunsa mwaulemu kuti chaka chino avomereza ngongole zingati, ndipo ndalamazo zili pati.