Pamene Woyang'anira Sakuona

Mpikisano wa triathlon, monga tiudziwira lero, unayambira ku San Diego m'chaka cha 1974. Pa mtundu wake waufupi munthu amasambira mamita 750, napalasa njinga makilomita 20, nathamanga makilomita 5. Ambiri olowa mpikisanowu ndi anthu wamba, amene salandira mphotho ina koma kudziwa kuti amaliza.

M'mipikisano yambiri ya anthu otere muli lamulo loletsa kupalasa moyandikira kumbuyo kwa mnzako. Wakutsogolo ndiye alimbana ndi mphepo, pamene wam'mbuyo asunga mphamvu zokathamangira. Oyang'anira amayenda pa njinga zamoto nalanga olakwa, koma sangaone msewu wonse.

Tiyerekeze kuti ndife tili pa njingayo. Miyendo yalema, mphepo ikuomba kumaso, mnzathu ali patsogolo pang'ono, ndipo woyang'anira wapita. Tikabisala kumbuyo kwake, talakwira yani?

Talakwira munthu amene anasunga lamulo, amene tidzamupitirira pothamanga ndi mphamvu zakuba. Tadzilakwiranso tokha. Tinalowa mpikisano kuti tidziwe pamene mphamvu zathu zifika, koma nthawi imene idzalembedwa pa dzina lathu idzatinamiza. Poti panalibe mphotho, tagulitsa chikumbumtima popanda mtengo. Khalidwe la munthu limaoneka bwino pamene palibe womuona.

Funso lokambirana: Kodi ndi pa ntchito ziti za sabata ino pamene tinapuma kumbuyo kwa thukuta la wina, nkulandira ulemu ngati wathu?