Ngongole ndi Chitseko

Tsiku lina m'chaka cha 2020 azakhali anga, omwe ali ndi nyumba zitatu zochititsa lendi pa boma la Mwanza, adandipatsa hamala nandituma kukazula chitseko cha bambo wina yemwe adatha miyezi inayi osalipira. Bamboyo ankadalira ganyu wonyamula katundu wa apaulendo pachipata chopita ku Zobue, koma Covid-19 itabuka odutsa adachepa ndipo ganyu adasowa. Pakhomopo ndidapeza mkazi wake akuphika phala, ana awiri ali pamphasa. Ndidaima nthawi yaitali, hamala ili m'manja, ndipo funso la tsikulo likadandivutabe: kodi munthu amene ali ndi ngongole yako, n'chiyani chimene uyenera kumulanda?

Tisafulumire kuweruza eni nyumba. Azakhaliwa ndi amasiye, ndipo adamanga nyumbazo pang'onopang'ono ndi ndalama za manachesi. Nyumbazo ndiwo munda wawo. Fizi ya adzukulu, feteleza ndi mankhwala zonse zimachokera pa lendi. Denga likadontha agula malata ndi iwo, ndipo wogulitsa malata salandira pepani. Adaonaponso anthu akusamuka usiku, kusiya ngongole ndi mawindo osweka. Amene amati landilodi aliyense ndi wouma mtima sadakhalepo pansi n'kuwerengera.

Komatu chitseko chozulidwa sichibala ndalama. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuchititsa munthu manyazi kufikira atathawa yekha. Kuseri kwa chitseko n'kumene mayi amavalira, n'kumene banja limadyera nsima ya mchere anansi osadziwa. Ngongole ndi ya bambo, koma mphepo ndi udzudzu zimapeza mwana amene sadapangane ndi munthu. Pa pangano la lendi anthu amagwirizana za ndalama ndi tsiku lolipira. Palibe amene amapereka ulemu wa banja lake ngati chikole. Mwini nyumba ali ndi ufulu wofuna ndalama zake, ngakhalenso nyumba yake, ndipo n'chifukwa chake kuli mabwalo a mafumu ndi makhoti. Koma akatenga hamala wasanduka wodandaula, woweruza ndi wolanga nthawi imodzi.

Ife a ku Mwanza tiyenera kudziwa bwino za kusowa pogona. Pa nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, makolo athu adapatsa othawa malo omanga ndi olima. Mu 2016 anthu zikwizikwi ochokera ku Tete adafikiranso m'mudzi wa Kapise asanawasamutsire ku Luwani m'boma la Neno. Ngati tidatha kusunga alendo amene sitidawadziwe n'komwe, zitheka bwanji kuti titayire panja mphika wa munthu amene timakumana naye pamjigo ndi pamaliro?

Ndidabwerera chitseko chili chitsekere.

"Azakhali, mundikhululukire, ine zandikanika."

"Mwanawe, chifundo chakocho ndidzadyera nsima?"

Sindidawayankhe, pakuti adanena zoona. Nkhani idapita kwa amfumu, ndipo adagamula kuti bamboyo akhale miyezi iwiri akufuna kolowera, ngongole azibweza pang'onopang'ono. Adasamuka masana, katundu ali pa njinga, atatsazika bwino. Adabweza theka, theka linalo silidabwere mpaka lero.

Apa ndiye pali pondiwawa. Chifundo chidali changa, koma adalipira ndi azakhali. N'kosavuta kukhala wabwino ndi chuma cha mwini, ndipo ambiri timalalikira chisoni chifukwa tilibe nyumba yochititsa lendi. Pozindikira izi, ndidawagulira matumba awiri a simenti okonzera nyumbayo, ngakhale sadakwane pa zimene adataya.

Komabe atandipatsanso hamala ija lero, ndingaibweze. Ndalama zotayika munthu amazipezanso nyengo ya manachesi ikafika, koma mwana amene adagona m'nyumba yopanda chitseko, anthu akusuzumira, amakula nazo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.