Lamulo la Mowa: Ayenera Kulankhula Ndani pa Bwalo?

Fodya akagulidwa, misika ya Nsaru, Kabudula ndi Mpingu sigona tulo, ndipo ndalama zimene banja linakhetsera thukuta dzinja lonse zimathera m'botolo masiku owerengeka. Malamulo alipo ndithu. Lamulo la Mowa la 1979 liletsa kugulitsa mowa kwa ana osafika zaka 18. Lamulo la makhonsolo la 1998 lipatsa Khonsolo ya Lilongwe mphamvu ya kuika malamulo aceace. Ndipo mu 2017 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mowa ya dziko lonse. Koma pepala losungidwa ku ofesi silitseka khomo la shabini ku Nambuma. Lamulo limene anthu sanalimve pa bwalo amaliyesa mlendo: alilonjera, alipatsa mpando, nadikira kuti licoke.

Tsono mfumu ikaitana anthu, ayenera kulankhula ndani? Mai womenyedwa ndi mwamuna woledzera, inde. Mphunzitsi, inde, ndiponso anamwino a St Gabriel's ku Namitete, amene amaona mabala ace a mowa. Nanga mai wamasiye wophika kacasu, amene m'phika wace ndiwo ulipirira ana sukulu? Ambiri afuna kuti akhale cete, poti ndiye woimbidwa mlandu. Kutero nkulakwa. Iye ndiye adziwa amene amabwera mbandakuca, ndi amene amapinyolitsa cimanga ca m'nkhokwe. Akamtsekera kunja, adzangosamutsira m'phika kudambo. Boma litaletsa mowa wa m'timapaketi, wina unabwerera m'timabotolo. Ndipo mu 2024 anthu angapo anafa ku Blantyre atamwa mowa wogulitsidwa mobisa.

Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti lamulo la anthu silingaletse zoipa zonse, koma zazikulu zimene zipweteka anzathu, zimenenso anthu ambiri angathe kuzileka. Potero mudzi usayese kuumitsa mitsuko yonse. Upangane za nthawi yotsegula ndi yotseka, za kutalikira sukulu, za kukana cimanga ndi feteleza ngati malipiro.

Komabe kuculuka kwa manja sikusandutsa coipa kukhala cabwino. Pa bwalo pamene omwa aposa osamwa, ndipo nyakwawa yalandira kale cipanda cace, cigamulo cidziwika mlandu usanayambe. Mwana wotumidwa usiku ndi botolo saloledwa kuima pamaso pa akulu. Wina ayenera kusankhidwa womlankhulira, ndipo ayambe ndiye.