Mfundo Zofunika kwa Osamalira Okalamba ku America: Dokotala wa M'chipatala ndi Medicare

Ku United States, munthu akakwanitsa zaka 65 amatha kuyamba kuthandizidwa ndi Medicare, inshuwalansi ya boma imene Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo lake pa 30 July 1965. Cholinga chinali chakuti ukalamba usamasandutse munthu wopemphapempha akadwala. Komabe khadi la Medicare silitsegula khomo lililonse pa mtengo umodzi, ndipo mabanja ambiri amazindikira zimenezi kholo lawo lili kale pabedi. Nazi mfundo zoti wosamalira wokalamba azisinkhesinkhe.

1. Chikondi chimakonzekera matenda asanabwere. Wokalamba akagonekedwa, kawirikawiri amene amamuona tsiku ndi tsiku si dokotala wake wozolowera uja, koma hospitalist, dokotala amene ntchito yake ndi ya odwala ogonekedwa basi. Ameneyu simumusankha. Amabwera amene ali pa ntchito tsikulo, ndipo sabata yamawa angabwere wina. Chimene chili m'manja mwanu n'kusankha chipatala. Choncho agogo akadali bwino, khalani nawo pansi, mutsegule Care Compare pa Medicare.gov, muone zipatala ndi madokotala a m'dera lanu.

2. Kufunsa za ndalama si mwano. Bilu ya bedi, chakudya ndi anamwino imapita ku gawo la Medicare lotchedwa Part A, koma ya dokotala imapita payokha ku gawo lotchedwa Part B. Kumeneko, mukamaliza kulipira ndalama yoyambira ya chakacho, Medicare imalipira 80 peresenti ya mtengo umene inavomereza, inu n'kulipira 20 yotsalayo. Madokotala ali m'magulu atatu. Ambiri anagwirizana ndi Medicare kuti azilandira mtengo wake osawonjezera kanthu. Ena amalandira odwala a Medicare koma lamulo limawalola kuwonjezera mpaka 15 peresenti. Owerengeka anatulukamo, ndipo mukasainirana nawo pangano, Medicare siiponyapo ngakhale senti. Imbani ku ofesi ya mabilu ya chipatalacho, mufunse kuti madokotala awo ali m'gulu liti. Paja safunsa anadya phula.

3. Chosankha cha lero chimamanga mawa. Okalamba ambiri amalowa Medicare Advantage, imene imayendetsedwa ndi makampani. Nthawi zambiri imakopa chifukwa imawonjezera zina monga chithandizo cha mano ndi maso, koma imakhala ndi mndandanda wake wa zipatala ndi madokotala, ndipo mndandandawo umatha kusintha chaka ndi chaka. Nyengo yosintha imayamba pa 15 October n'kutha pa 7 December. Mwana wosamala amawerenga makalata obwera nyengo imeneyi, sawaunjika pa tebulo.

4. Musakhulupirire maso okha. Mayi angakhale atagona pabedi la m'chipatala masiku awiri, atavala kachibangili kolembedwa dzina lawo, diripi ili pamkono, chakudya chikubwera pa thireyi, koma m'mabuku a chipatala sanalembedwe ngati ogonekedwa. Alembedwa kuti ali pa observation, kutanthauza kuti akungowayang'anira. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Bilu imapita ku Part B, ndipo masikuwo sawerengedwa pa masiku atatu otsatizana amene Medicare yanthawi zonse imafuna isanalipirire malo amene wodwala amakachirira pansi pa anamwino akatuluka. Chipatala chiyenera kukudziwitsani polemba ngati kuyang'anirako kwapitirira maola 24, koma musadikire pepala. Dokotala akalowa m'mawa, funsani mwaulemu: "Adokotala, kodi mayi athuwa mwawalemba ngati ogonekedwa, kapena mukungowayang'anira?" Mawa lake funsaninso.

5. Moyo ndiye woyamba. Kholo likakomoka, likamva kupweteka pachifuwa kapena pakamwa pakapotoka, imeneyo si nthawi yofufuza mndandanda wa madokotala. Lamulo la EMTALA la 1986 limakakamiza zipatala zolandira Medicare zimene zili ndi chipinda cha odwala mwadzidzidzi kupima ndi kuthandiza aliyense wobwera ali pangozi, kaya ali ndi ndalama kapena ayi. Imbani 911. Bilu mungathe kuitsutsa pambuyo pake.

6. Wodwala si mulu wa mapepala. Hospitalist akukumana ndi agogo koyamba, sadziwa kuti mankhwala ena amawachititsa chizungulire, kapena kuti akati "ndili bwino" amangopewa kuvutitsa anthu. Inu ndi amene mukudziwa. Bwerani ndi mabotolo onse a mankhwala m'kathumba, dzina la dokotala wawo wozolowera, ndipo potuluka onetsetsani kuti iye walandira lipoti la zonse zachitika. Koma musamalankhule ngati mwiniwake palibepo. Mpatseni mpata ayankhe yekha, ndipo ngati Chingelezi chikumuvuta, pemphani womasulira, pakuti chipatala chiyenera kumupeza kwaulere.

7. Kuitana makolo kumafuna kuwerengera. Amene akufuna kutenga makolo kuchokera ku Malawi kapena ku Zambia adziwe kuti mlendo wongocheza salandira Medicare. Ngakhale wokhala ndi green card, ngati iye kapena mwamuna kapena mkazi wake sanagwire ntchito yodula msonkho wa Medicare kwa zaka 10, amadikira zaka 5 akukhala m'dzikomo mosadukiza, ndipo Part A amailipirira mwezi ndi mwezi.

8. Mutu umodzi susenza denga. Dera lililonse la United States lili ndi alangizi a SHIP, amene amafotokoza za Medicare kwaulere ndipo sagulitsa inshuwalansi. Gawanani ntchito pabanja: wina aziimba mafoni, wina azisunga mapepala, wina azikhala pambali pa wodwala. Makolo athu anatilera osawerengera. Kuwafunsira mafunso ovutawa pa nthawi yake ndi ulemu umene tingawabwezere akadali moyo.